Ba Juliana ndi Kabichi Wobwereka

Tawaika m'manda mayi Juliana Chabwela, koma mitima yathu mu parishi muno sinakhale pansi. Ena mwa ife tinawalirira mokweza, chikhalirecho tinasiya kuwapatsa moni kalekale.

Anabadwira ku Shikabeta ndipo sukulu anailekeza panjira atamwalira bambo awo. Anakwatiwa ku Chinyunyu, nakhala amasiye akadali ndi mphamvu. M'gulu la Anna Woyera sanakhalepo pampando. Ntchito yawo inali kusesa tchalitchi, ndipo popita kwawo ankadzera kusukulu ya pulayimale kukathandiza ana kuthirira dimba, osalipidwa kanthu.

Kenaka kunabwera pologalamu yoti ana athu azilemberana makalata ndi anzawo a kutsidya kwa nyanja, kuuzana za mbewu, dothi ndi tizirombo. Ana anaikonda kwambiri. Mwiza, mdzukulu wa ba Juliana, ankasunga chithunzi cha mnzake wakutaliyo m'buku la nyimbo.

Chaka cha chilala chitsime chinaphwa, repu ndi tomato n'kupserera. Inali nthawi yomweyo imene alendo oyang'anira pologalamuyo ankabwera kudzaona ngati ipitirire. Makolo ndi aphunzitsi anagwirizana zimene timazidziwa tonse kuno: kubwereka kabichi kwa ogulitsa pamsewu, kumukwirira m'mabedi m'mawa, ana ajambulidwe ndi kulemba kuti dimba lili bwino, madzulo kabichi abwerere kwa eni ake.

Ba Juliana anakana kugwira khasu. Atafunsidwa ndi alendo, anayankha mwaulemu kuti, "Uyu kabichi alibe mizu. Wabwera lelo pa njinga."

Pologalamu inathera pomwepo. Makalata anasiya kubwera, ndipo Mwiza anatha mwezi osalankhula ndi ambuya ake. Pa Misa benchi yawo inkakhala ndi malo ambiri. Amayi ena ankati kupembedza kwawapitirira mpaka kwadyera ana mwayi. Iwo ankangosesabe tchalitchi. Ine izi zimandiwawa mpaka lero, ndipo sindinganame kuti Mulungu anawabwezera tikuona. Dimba silinadzukenso, mbuzi ndizo zimagonamo.

Ba Juliana atadwala, ansembe anabwera kudzawadzoza. Ansembewo atatuluka, Mwiza, amene tsopano ndi namwali, anafunsa zimene zinkamudya mumtima.

"Ambuya, chifukwa chani simunangokhala chabe zii? Ine ninaluza munzanga."

"Nidziwa, mwana wanga, unikhululukire," anatero mayiwo. "Manje uja munzako naye ni mwana wa munthu. Anali kukhulupirira zonse zamene unali kumulembera. Nikanakhala zii, sembe anakula aganiza ati kuno kabichi amakula kulibe madzi."

Anapempha kolona yawo, napemphera pang'ono, n'kugona tulo tosadzukanso.

Pamaliro tinaimba bwino, ndipo amene ankawathawa pabenchi ndiwo anali patsogolo kunyamula maluwa. Mwiza anakana kulankhula pamanda. Anangotiyang'ana mmodzimmodzi, ndipo panalibe amene anapirira maso ake.