Ndinabisa chifuwa poopa kumusiya Takondwa

Chifuwa chinayamba mu Meyi chaka chatha, chiperoni chitangotsika m'phiri. Ndinati ndi kuzizira chabe. Pofika mu Juni ndinkadzuka bulangete litanyowa ndi thukuta, chakudya sichinkalowa, ndipo dengu la nanazi limene ndinkasenza kupita nalo pamsewu wa ku Likhubula linayamba kundilemera.

Ndimakhala ndi mwana wanga mmodzi, Takondwa, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Takondwa salankhula. Sayang'ana munthu m'maso, amadyera m'mbale imodzi yokha yobiriwira, ndipo akamva chigayo amadzimenya m'mutu. Bambo ake ali ku Joni. Titafolera malata, anthu anaweruza okha kuti bamboyo anakhwimira mwana kuti alemere. Amayi anzanga anasiya kutumiza ana awo pakhomo panga, inenso ndinasiya kupita kumvano. Tinatsala awiri, wina wolankhula, wina wosayankha.

Bambo ake anamva kuti ku Joniko kuli sukulu ya ana otere, ndipo tinapangana kuti tinyamuke mu Ogasiti. N'chifukwa chake ndinabisa chifuwa. Ndikawauza, ulendo ufa. Ndikapita kuchipatala n'kundigoneka, Takondwa atsala ndi ndani? Ndinkangogula mapiritsi pagolosale, n'kumadzinamiza kuti ndikachirira ku Joni.

Pakati pa Julayi ndinatsokomola magazi. Patapita masiku awiri ndinagwa pamsewu, ndipo wakabaza wina anatinyamula tonse awiri. Kuchipatala anandiyeza makhololo, anandijambula pachifuwa, n'kundiuza kuti ndi chifuwa chachikulu, magazinso ndi ochepa. Anati andigoneka.

"Gadiyani wanu ali kuti, mayi?" anafunsa anesi.

Ndinalibe. Aliyense wogonekedwa amabwera ndi m'bale womuphikira ndi kumuchapira. Ine ndinabwera ndi mwana amene anali pansi pa benchi atatseka makutu. Ku wodi yathu mwana sankaloledwa. Ndinaimbira alamu anga a Esinati a ku Muloza, omwenso ankakhulupirira za kukhwimazo. Anabwera nkhope ili gwa. Ndinawauza zonse, mpweya ukundithera: asamukhudze modzidzimutsa, asamukalipire, asamudutsitse kuchigayo. Za mbale ndinaiwala. Mwanayo anakhala masiku awiri osadya, mpaka ndinakumbukira n'kutumiza uthenga kuti akathyole loko kunyumba kwanga n'kutenga mbale yobiriwira ija.

Ndinakhala masabata atatu. Mankhwala tinkamwa m'mamawa tisanadye, mkodzo unafiira monga anesi anandichenjezera, kenako n'kudikira adokotala, kenako n'kudikira dzuwa kuti lilowe. Nthawi yoona odwala ikakwana, wodi inkadzaza ndi anthu ndi mabakuli, ine n'kutembenukira kukhoma. Matendawo sanandiwawe ngati ola limenelo. Ndinkaopa kufa, osati chifukwa cha ine, koma chifukwa padziko lonse panalibe wina wodziwa kuti Takondwa akaluma chala ndiye kuti ali ndi ludzu.

Popeza kunyumba tinkagona chipinda chimodzi, achipatala anamuitanitsa Takondwa kuti naye ayezedwe. Chifuwa sanamupeze nacho, anangomupatsa mankhwala oteteza. Koma adokotala amene anamuona anachedwa naye. Anavundukula kabuku kake ka kuchipatala, n'kupeza sikelo ndi katemera basi.

"Za kusalankhulaku simunabwere nazo?" anandifunsa.

Ndinachita manyazi. Ndinali nditazungulira naye m'mapemphero ndi kwa asing'anga mpaka kutsidya kwa malire, koma kuchipatala ayi, poti za ufiti sapita nazo kuchipatala. Anatitumiza kwa akatswiri ku Blantyre, ndipo nditatuluka tinapitako kawiri. Anati ndi matenda otchedwa otizimu, mwana amabadwa nawo, palibe amene anamuchita chipongwe. Analemba kalata. Nditawawerengera bambo ake pafoni, anati kusukulu kuja anali atawauza kale kuti popanda kalata ya dokotala ndi mapepala okhalira m'dzikomo salandira mwana. Iwo ankaganiza kuti tikalankhula nawo tikafika. Tikanapita mu Ogasiti, tikanangosamutsa kusungulumwa kwathu kupita nako kudziko la eni.

Mankhwala ndinamaliza mu Januwale osadumphitsa tsiku, ndipo makhololo anapezeka abwino. Thupi labwerera, ndayambanso kugulitsa. Ulendo ulipobe, tikudikira mapepala, ndipo sindikudziwa kuti atuluka liti. A Esinati amabwera Loweruka lililonse tsopano. Salankhula zambiri, koma Takondwa amalola kuti amupese tsitsi.

Kwa inu amene mukulera nokha mwana wotere, chifuwa chikapitirira masabata awiri pitani kuchipatala, mwanayo mumutenge akamuonenso. Mupezeretu munthu mmodzi, ngakhale wosakukondani, mumuphunzitse za mwana wanu muli moyo. Ine ndinakana kupita msanga poopa kumusiya tsiku limodzi. Ndinamusiya masabata atatu, ndipo adokotala anati ndikanachedwa mwezi wina, ndikanamusiyiratu.