Kabulangeti pa makina a Rukaiya

A Rukaiya anakulira kuseri kwa kauntala ya bambo awo, a Gulam, amene amagulitsa misomali, penti ndi malata ku Area 2. Chichewa chawo ndi cha pa Msika wa Tsoka, chothamanga kuposa changa ine wa ku Nathenje. Ali kamtsikana ankamasula makakyuleta a mushopu kuti aone zamkati. Atakula anakaphunzira za makompyuta, n'kubwerako alibenso mtima woyeza misomali pa sikelo.

Ine ndinayamba kuwagwirira ntchito ya m'nyumba ku Area 10, Fiona wanga ali kumbuyo. Sukulu ndinalekera Sitandade 7, koma za ukhondo ndinkati palibe angandiphunzitse.

Nthawi imeneyo kampani ina yakunja inali itawapatsa ntchito yowayesa kaye. Anapangana ndi bambo awo kuti m'mawa azikhala kushopu, masana azichita zawozo. Ntchitoyo ikawakanika, abwerera pa kauntala tsiku lonse, za makompyuta zitheretu.

Tsiku lina ndikusita ndinawafunsa zimene amalemba. Anati m'kompyuta imodzi mumatha kukhala makompyuta ena ongoyerekeza, ngati alendi m'nyumba ya landilodi. Landilodiyo amati kenelo, ndipo ndiye amagawa memore, malo oikapo zinthu pogwira ntchito. Timapulogalamu tothandiza alendiwo, timene amati madalaiva, tinalibe popemphera malowo, ndiye a Rukaiya ankatsegula khomo loti tizipempha, tikatha tizibweza. Ndinagwedeza mutu mwaulemu. Kunena zoona, ndinamvapo landilodi basi.

Makina oyeserapo anali m'kachipinda kosungira katundu, bokosi lakuda lolira ngati chigayo chakutali. Popita kushopu ankaliyatsa kuti liziyesa lokha zimene alemba. Munali mu Okutobala, fumbi lili kobo. Ndikatsegula mawindo kuti ndisese, ndinkamva chisoni kuti chinthu chodula chonchi chizimeza fumbi. Kwathu ngakhale wailesi timaivindikira ndi kansalu. Ndiye ndinkatenga kabulangeti ka Fiona n'kulifunditsa bwinobwino, mbali zonse. Linkayamba kulira kwambiri, kenako zii. Ndinkati eya, ngati Fiona yemwe, amavuta kaye asanagone. Fumbi likakhazikika ndinkachotsa kabulangetiko n'kukapinda, madamu asanafike.

Iwo akafika ankapeza bokosi lazima, osasiya uthenga uliwonse. Ankaganiza kuti zolemba zawo ndi zimene zikuligwetsa, mwina dalaiva wina akutenga malo osabweza. Akakhala pomwepo masana linkayenda bwino. M'mawa mwake lazimanso. Anafufuta, analembanso, anafunsa anzawo pafoni, chakudya n'kumabwerera kukhitchini chosakhudza. A Gulam akabwera Lamlungu ankangoti mpando wa pa kauntala aupukuta kale. Ine apo ndinali kuwapempherera madamu tsiku lililonse, kwinaku ndikufunditsa.

Tsiku lotumiza ntchito litayandikira, ndinawapeza atagwira mutu patebulo. Ndinawapatsa tiyi, n'kufuna kuwalimbitsa mtima.

"Musadandaule madamu, makina anuwa ine ndimawasamala. Akayamba kulira ndimawafunditsa mpaka agone."

Anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Amake Fiona, mumawafunditsa chiyani?"

Ndinathamanga kukatenga kabulangeti kaja, ndili wosangalala kuti andiyamikira. Ndinawaonetsa mmene ndimachitira, mpaka kupinira kumbuyo kumene kumatuluka mphepo yotentha, kuti fumbi lisalowere pamenepo. Bokosi linayamba kukuwa. Iwo anapisa dzanja pansi pa kabulangetiko, n'kulichotsa msanga, kenako anakhala pansi pasimenti penipeni. Ndinaganiza kuti ntchito yanga yatha, ndinayamba kale kuwerenga katundu wanga mumtima. Koma anaseka, anaseka mpaka Fiona anadzuka kumsana n'kuyamba kulira.

Atapuma anandiuza kuti makinawo amapuma ngati munthu, akatentha kwambiri amadzizimitsa okha kuti asapse. Ndinafunsa ngati ndingamawafunditse ndi chitenje chopepuka. Anati ayi, ngakhale mpango.

M'mawa mwake ndinasesa mawindo ali otseka, manja akundiyabwa. Bokosi linalira mpaka madzulo osazima. Anatumiza ntchito ija, ndipo patapita kanthawi kampani ija inawalemba ntchito. Tsopano kushopu amangopita kukacheza, pa kauntala pamakhala msuweni wawo Farhan.

A Gulam nkhaniyi anaimva yonse. Akandipeza pageti amandipatsa moni bwinobwino, amafunsa za mwana, kenako amapukusa mutu.

"Inu amake Fiona, mukanangokhala chete n'kumalifunditsabe, bwenzi mwana wanga ali kushopu."