Ntchito ya Esinati

Ndinadzuka kusanache, ngakhale sindinganene kuti ndinagona. Chiperoni chinali chitaphimba minda ya tiyi. Amuna amene anachezera pasiwa anali atazungulira moto wofuka, ndipo kuseri kwa nyumba amayi ankasonkhezera nkhuni zonyowa.

Amalume ake a Esinati, mkazi wanga, anandiitanira pambali kuti ndimve mbiri imene adzawerenge kumanda. Munali mawu akuti sanali pantchito, anali mayi wapakhomo. Kuno ntchito ndi ya ku esiteti, kusukulu kapena kuchipatala cha mishoni. Esinati ankasoka zovala za makwaya ndi magulu a gule wa tchopa, ankapeka nyimbo, ankatunganso mikanda.

Ine kuboma ndimagawa ntchito zaluso m'magulu, zamanja pazokha, zoimba pazokha, kuti nazonso ziziwerengedwa pa chitukuko. Esinati ankandiseka: "Nanga ine mwandiika pati, abwana?" Ankalowa paliponse, ndiye ndinkangoti ndikuganizabe.

Ndinawapempha amalumewo kuti asinthe mawuwo.

"Akamwini, zijatu zinali zongotayitsa nthawi," anatero. "Tisatalikitse."

Wamasiye salankhula pamaliro, makamaka mkamwini. Ndinabwerera pamphasa.

Dzuwa silinaoneke tsiku lonse. Anthu anayamba kufika, ena pa kabaza, ena wapansi kuchokera ku Khonjeni ndi ku Kapichi. Inabwera kwaya yovala zobiriwira, kenako ina yovala zoyera. Ovina tchopa anasiya ng'oma kwawo polemekeza mpingo wathu, koma mikanda anavala. Msoko uliwonse ndinkaudziwa. Zina mwa nsaluzo ndinkamugwirira ndine Esinati akudula.

Tinadzera kanjira ka pakati pa tiyi, matope akugwira nsapato. Nyimbo imene anaimba potsatira bokosi inali yake. Ndinaimva koyamba akuiyeserera potsuka mbale.

Kumanda amalume anawerenga za kubadwa, za sukulu, za ubatizo. Atafika pa mawu aja anaima. Anayang'ana khamulo kwa nthawi, mvula ikunyowetsa pepala m'manja mwawo.

"Ntchito yake," anatero, "ndi iyo mwavalayo."

Anapinda pepalalo, adzukulu n'kuyamba kukwirira.

Madzulo achibale otsala anakhala pakhonde. Ndinalowa m'nyumba ndekha. Makina osokera anali pakona pomwe Esinati anawasiya, singano itabaya kolala ya malaya a kwaya amene sanawamalize. Funso lake lija sindinaliyankhebe. Ndinaphimba makinawo ndi chitenje chake kuti asachite dzimbiri, malayawo ndinawasiya pomwepo.