Mayi Amene Anakana Galu Wake pa Fomu

Inu amene mwatopa ndi kubwezedwa pa mawindo a maofesi, takhalani pansi ndikuuzeni za mayi wina. Lero anthu amamutchula kuti Mayi Chidindo, koma tsiku limene nkhaniyi ikuyambira analibe dzina lotere. Anali namfedwa chabe, atakhala pa benchi ya pa chipata cha m'malire, sandasi imodzi itaduka lamba, akuonerera katundu wake akulandidwa.

Mwamuna wake anali mlonda wa pa fakitale m'dziko loyandikana nalo. Atamwalira, mayiyu anamanga katundu kuti abwerere kwawo, kadziko kakang'ono koti basi imakadutsa dzuwa lisanapendeke. Anatenga thumba la nyemba zambewu, chigubu cha uchi, nyama yowumitsa, mwana wake wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndi galu wa malemu, dzina lake Kapitawo.

Galuyo kukongola ayi, tisanamizane. Khutu limodzi linali lopindika, mchira ngati chingwe chakutha. Koma chimwalirire bambo ake, mwana uja anasiya kuyankhula ndi munthu aliyense, ngakhale amake omwe. Ankangonong'oneza m'khutu la Kapitawo basi.

Tsono cholakwika chinayambira ku depoti ya basi. Mayiyu sukulu anailekeza m'kalasi yachinayi, ndipo powerenga ankachita kugwira chilembo chilichonse ndi chala. Alamu ake, omwe ankadzitama kuti malire anawoloka kosawerengeka, anamukokera pambali.

"Mlamu, fomu ya pa chipata musavutike nayo. Paliponse muzingochonga pa 'ayi'. Mukangoti 'inde', mwadziputira."

Ndiye anachongadi. Muli ndi chakudya? Ayi. Mbewu? Ayi. Chiweto? Ayi.

Wapachipata anayang'ana fomuyo, n'kuyang'ana pansi, n'kuyang'ananso fomuyo.

"Mayi, mwalemba kuti mulibe chiweto."

"Eya, bwana."

"Nanga chikundinunkhiza bondochi n'chiyani? Sutikesi?"

Mzere wonse unafa ndi phwete. Mayi uja analakalaka pansi patang'ambika.

Nyemba, uchi ndi nyama zinapita kukawotchedwa kuseri. Wapachipatayo anati dziko lawo ndi laling'ono, kachilombo kakangolowa ndi mbewu kapena nyama, sabata imodzi kafika konsekonse. Za galu anati akasungidwa ku khola la boma masiku makumi atatu. Kuti atuluke pamafunika mapepala awiri: kalata ya dokotala wa ziweto, ndi chilolezo cholowetsera chiweto.

"Nanga masikuwo akatha mapepala palibe?"

"Timamubaya jekeseni yomugoneka. Sadzukanso."

Mwana uja sanalire. Anangotsala atagwira chingwe chopanda galu, ndipo chingwecho sanachisiyenso, ngakhale pogona.

Anafikira kwa azakhali a mayiyo, m'kachipinda kakuseri komwe ankasungiramo makasu ndi njinga yakufa. M'mawa mwake mayi uja analawirira ku ofesi. Windo loyamba linamutumiza ku lachitatu. Lachitatu linati nkhani za ziweto ndi za a zaulimi, kutsidya kwa msewu. A zaulimi anati galu si ng'ombe, apite kwa a zaumoyo. A zaumoyo anati iwo amaona za anthu, abwerere ku windo loyamba. Abale inu, mutu unamuzungulira. Anafika podzifunsa ngati galu ndi chiweto, katundu, kapena mlendo.

Mwamwayi linali Lachisanu, tsiku lokhalo limene dokotala wa ziweto ankabwera, m'mawa mokha. Dokotalayo anamuyeza Kapitawo, anaona khadi la katemera wa chiwewe lomwe malemu ankasunga m'chikwama chawo cha kuntchito, n'kulemba kalata. Mayi uja anathamanga nayo ku windo lachitatu. Kalaliki wa pamenepo, bambo wa magalasi omangidwa ndi ulusi, anakopera nambala ya kalatayo pa fomu.

"Chilolezo chimatenga masabata awiri. Mudzabwere."

Masabata awiriwo anawathera pa beseni, kuchapa zovala za eni ake mpaka zala kusupuka. Mwana ankakhala pakhomo ndi chingwe chake, kudya kochita kumukakamiza.

Tsiku lakhumi ndi chisanu ndi chimodzi masana, chilolezo chinatuluka, chidindo chofiira chili psuu. Anapita nacho ku khola akumwetulira koyamba chiikire maliro. Woyang'anira khola anatembenuza mapepalawo n'kupukusa mutu.

"Kalata ya dokotalayi inafa, mayi. Imagwira ntchito masiku khumi okha."

"Inafa bwanji poti ndi iyi ili m'manja mwanu?"

"Masiku ake anatha. Ndipo chilolezochi chalembedwa nambala ya kalata yakufayo, ndiye nachonso chafa. Kayambireninso."

Anabwerera ku windo lachitatu. Kalaliki anati abweretse kaye kalata yatsopano. Dokotala anali atapita kale, kubweranso Lachisanu linalo.

Anakhala pa benchi n'kuyamba kuwerengera pa zala. Kudikira dokotala, sabata imodzi. Kudikira chilolezo, masabata awiri. Kapitawo anali atatsala ndi masabata awiri okha. Ndipo ngakhale masiku akanakwana, kalata ya masiku khumi ingadikire bwanji chilolezo cha masiku khumi ndi anayi? Anawerengera kuchokera ku chala chachikulu, anayambiranso ku chaching'ono, yankho lomwelo. Nanga ena agalu awo amawatulutsa bwanji? Kapena palibe anatulutsapo? Analira, osabisa, anthu akumudutsa.

Popukuta misozi anaona pepala pakhoma, pamwamba pa benchi yomweyo. Linali lachikasu ndi ukalamba, ngodya imodzi itabisika ndi kalendala. Anthu ankalitsamira tsiku ndi tsiku. Pamwamba pake panali chithunzi cha galu, mphaka ndi nkhuku.

Mantha a zilembo anamugwira monga kale m'kalasi, pamene anzake ankamuseka akamadodoma. Koma anakumbukira chingwe chija. Anaimirira, anaika chala pa mzere woyamba, n'kuyamba.

Zinamutengera maola awiri. Mawu ena ankawabwereza kanayi. Wosesa anamufunsa ngati akupemphera. Atafika pa mzere wachisanu ndi chinayi, chala chinaima. Anawerenganso. Anawerenganso kachitatu.

Windo linali pafupi kutsekedwa pamene anagogoda.

"Bambo, pakhomapo alemba kuti wopempha chilolezo abweretse khadi la katemera basi. Kalata ya dokotala akuti imafunika tsiku lotulutsa chiweto."

"Mayi, ine pano ndakhala zaka zisanu ndi zinayi. Aliyense amayamba ndi kalata."

"Amayamba nayo chifukwa lamulo likutero, kapena chifukwa inu mumatero?"

Kalaliki anatuluka mokwiya kuti akamuonetse. Anawerenga. Anavula magalasi, anawapukuta, anawerenganso. Anakaitana abwana ake, nawonso anawerenga kukamwa kuli yasa. Anthu atatu anaima pamenepo akuyang'ana khoma ngati alendo.

"Amene ndinamulowa m'malo ankatero," anatero kalaliki uja chapansipansi, akukanda m'mutu. "Bweretsani khadilo."

Fomu inalowa tsiku lomwelo. Lachisanu lotsatira anatenga kalata yatsopano kwa dokotala n'kuisunga m'pulasitiki pansi pa pilo. Sabata yotsalayo mtima sunakhale m'malo, poti chilolezo chikanachedwa ndi tsiku limodzi lokha, zonse zikanathera pomwepo.

Tsiku lamakumi atatu anapita ndi mwana. Chilolezo chinatuluka, kalata ili moyo. Woyang'anira khola anayang'ana masiku kawiri, n'kutsegula chitseko.

Kapitawo anatuluka nthiti zili pamtunda. Mwana anagwada, anamumanga chingwe chija, anamusisita khutu lopindika. Kenako anatembenuka, n'kuyang'ana amake m'maso.

"Amayi, waonda. Tikamupatse chakudya."

Miyezi inayi mayi uja anali asanamve liwu lakuti "amayi". Anakhala pansi pafumbi pomwepo, ndipo woyang'anira khola anayang'ana kumbali.

Nkhani inamveka. Wamalonda wina wa mazira anadzamufunsa za mapepala ake, kenako mayi wa mankhwala ophera tizilombo m'munda, kenako mnyamata wobwera ndi mphaka wa abwana ake. Mayi uja anakopera pepala lonse la pakhoma m'kope, n'kukafunafuna malamulo ena, a mbewu, a mkaka, a mankhwala, n'kuwawerenga ndi chala chomwecho. Anayamba kuthandiza anthu pa tebulo lobwereka panja pa geti la maofesi aja. Lero ali ndi ofesi ya chitseko chake, ndipo kalaliki wa magalasi uja zikamusokoneza amawoloka msewu kudzafunsa.

Chaka chatha alamu aja anabwera ndi makatoni a anapiye, fomu ili m'manja, nkhope ili pansi. Mayi Chidindo anatenga cholembera.

"Alamu, apa pa chiweto tichonge 'ayi'?"

Anapiye anayankha okha.

Tsono inu amene mwaima pa windo lanu lero, mutu utaima, musathamangire kunena kuti ndinu mbuli. Mwina amene akukubwezaniyo nayenso sanawerengepo. Funsani, werengani, ngakhale ndi chala, ngakhale akusekeni. Mtima wokhawo musautaye, poti kunyumba kuli wina wagwira chingwe, akudikira inu.