Ndinachotsa nthambi zotseka njira m'phiri

Inu owerenga, lero ndikulemba izi ndikuseka, koma tsikulo ndinalira mpaka mamina. Ndinasochera m'phiri ku Viphya, mwana wanga woyamwa ali kumunsi, ndipo amene anandisocheretsa ndi manja angawa.

Ine ndinakulira ku Limbe, m'tauni mwenimweni. Nditatenga satifiketi ya utayipisiti ku koleji ndinakwatiwa n'kubwera kuno ku Mzuzu, tikukhala ku Katoto. Mapiri ndinkangowaonera pawindo la basi. Titalandira mwana wathu woyamba, Tadala, ndinasanduka mayi wankhawa. Akayetsemula, ine ulendo wa kuchipatala. Akagonetsa, ndinkaika khutu pamphuno pake kuti ndimve ngati akupuma.

Ndiye mpingo wathu unagwirizana zokalambula njira yodutsa phiri lina lakutali, kuti anthu a kuseri kwake azitha kunyamula odwala pamachira mpaka pomwe pamafika galimoto. Inali ntchito yongodzipereka. Bambo a Tadala atati akupita, ine ndinati sinditsala. Loweruka m'mamawa tinakwera lole, makasu ndi zikwanje m'manja, aliyense khadi lachipani m'thumba, nyimbo njira yonse. Amayife tinali m'madiresi ndi zitenje, poti mukudziwa thalauza kwa mkazi n'loletsedwa, kaya ukukwera phiri.

Patsinde pa phiri panatsala amayi ophika. Mmodzi wa iwo anali a NyaGondwe, aneba anga, mayi amene analera ana awo mpaka kuwakwatitsa. Anati ndiwasiyire Tadala. Ndinavomera, koma ndinayamba kuwalangiza: chipewa asavule, madzi ake owiritsa ndi awa, akalira mumugwedeze chonchi. Iwo ankangoti, "Yewo mama, ndamva, pitani."

Nthawi imeneyo a Chirwa, mkulu wa mpingo amene ankatitsogolera, anali akufotokozera anthu dongosolo, ine osamva kalikonse. Anati tikwere kaye mpaka pamwamba, tizilambula tikutsika. Ndipo poti m'phirimo muli tinjira tambirimbiri ta nguluwe ndi ta anthu ofula uchi, otsogola azithyola nthambi yaiwisi n'kuigoneka pakanjira kalikonse kolakwika. Oyenda m'tchire amatero: nthambi ikapingasa, ndiye kuti kumeneko kwatsekedwa.

Ndinanyamuka womaliza, ndikulondola nyimbo za anzanga. Posakhalitsa ndinaona nthambi itagona pamphambano. Mumtima ndinati, anthu awa bwanji, tabwera kudzakonza njira iwo akutayamo zinyalala? Ndinaitola n'kuiponya m'tchire. Nditapeza ina ndinaiponyanso. Ndinasesa zonse mpaka pamwamba, ndikudzitama kuti ntchito ndayamba ndine.

Koma pamwambapo, abale, kukongola! Mitambo inali pansi pathu, mphepo ikuyimba m'makutu. Amuna ankasema masitepe ndi kugubuduza miyala, amayife tikukumba tingalande toti mvula isadzakokolole njira. Ndinasangalala mpaka kuiwala matuza m'manja. Koma dzuwa litafika pamutu mkaka unanyowetsa diresi, mtima n'kundiuza kuti mwana akulira ndi njala. Sindinauze munthu, ngakhale bambo ake, kuopa kusekedwa. Ndinangoika khasu pansi n'kuzemba.

Ndisanapite patali nkhungu inatsika, yoti dzanja lako lomwe osaliona bwino. Ndinafika pamphambano, tinjira tiwiri tofanana ngati mapasa. Ndinasankha kamodzi. Kanayamba kuchepa, kenaka ndinali ndikukwawa pansi pa zitsamba ngati nguluwe yomwe, mpaka ndinatulukira m'mphepete mwa phompho, madzi akusokosera pansi. Pobwerera ndinapeza mphambano zina zomwe sindinazione popita. Nsapato zanga zapulasitiki zinkangoterereka.

Kukuwa ndinkachita nako manyazi. Ndinakhala pachipika n'kuyamba kulira chamumtima, ndikuona Tadala wanga akuleredwa ndi mkazi wina, akumusambitsa madzi ozizira, opanda chipewa. Osadziwa kuti pomwe ndakhalapo ndi pamsewu wa linthumbwi.

Inu owerenga, amene munalumidwapo ndi nyerere zimenezi mukudziwa. Zimayamba zakwera mwakachetechete, n'kuluma zonse pamodzi ngati zapangana. Manyazi anathera pomwepo. Ndinakuwa, chitenje uko, mpango uko, ndikuvina gule yemwe sindinaphunzirepo.

Kukuwako n'komwe kunandipulumutsa. Bambo a Tadala anali ataona khasu langa lili lokha, ndipo iwo ndi a Chirwa anali akundifunafuna m'nkhungumo. Atandipeza, a Chirwa anatembenukira kumbali kuti ndimange chitenje, n'kunena kuti, "Mama, mawu muli nawo chomene. Kukwaya mumabisaliranji?" Kenaka anadandaula kuti nawonso avutika, nthambi zawo zonse zasowa, kaya ndi anyani. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti nyaniyo ndine. Anaseka mpaka kugwira mtengo, koma bambo a Tadala sanaseke msanga.

Chifukwa cha ine ntchito inaima masana onsewo. Gulu lonse linadikira nkhungu ichoke kuti a Chirwa atsekenso tinjira tija, kupanda apo tikanasochera tonse. Zimenezi zimandiwawabe.

Titafika kumunsi ndinathamanga ndikuitana mwana wanga. Ndinamupeza kumsana kwa a NyaGondwe ali m'tulo tofa nato, masaya ali nthochi zokhazokha, chipewa chili m'dengu. Iwo anati, "Ali bwino chomene, sanalire olo pang'ono." Tadala atadzuka anandiyang'ana, n'kukakamira chitenje chawo. Ine wokwawa ndi nguluwe chifukwa cha iye!

Ndiye amayi anzanga, makamaka inu a mwana woyamba, nkhawa isamakutsekeni makutu. Otsogolera akamayankhula musanalowe m'phiri, siyani zonse mumvere. Musachoke pagulu osatsanzika, ndipo chinthu mukachipeza panjira osadziwa anachiikiranji, funsani musanachichotse. Mukasochera, kuwani msanga, musadikire linthumbwi.

Njira ija tinakaimaliza Loweruka lina, ndipo odwala akudutsamo. Ku Katoto konse tsopano amanditchula NyaTsache. Tsiku lomalizalo a Chirwa anandiika patsogolo penipeni, n'kundipatsa ntchito yogoneka nthambi.