Pansi Pokhala Achibale ku Golders Green

Lamlungu 9 koloko m'mawa ndinanyamuka ku Thamesmead, chitenje m'chikwama, maluwa m'manja. Ndinkapita kukapepesa maliro a Mayi Miriam, mayi wachiyuda amene ndinawasamalira zaka zitatu. Anatsirizika Lachinayi masana nditawagwira dzanja, mwana wawo, a Ruth, akadali pamsewu. Chichokereni tsikulo a Ruth sankayankha foni yanga. Ndinali ndi mawu a malemuwo oti ndikawatule, koma mantha! Bwanji ngati akundida poti ndinaona zimene iwo sanaone? Ululu wochedwa ndimaudziwa: mayi anga anaikidwa ku Dedza zaka zinayi zapitazo, ine ndikuonera pafoni.

Basi yopita ku Abbey Wood inandidya £1.75, kuchedwa kwake n'kwaulere. Kenako sitima mpaka Tottenham Court Road, n'kusinthira ina yolowera kumpoto.

M'sitima yachiwiriyo bambo wina wachikulire, kachisoti pamutu, anayang'ana maluwa anga.

"Ukwati?"

"Maliro, bambo. Achiyuda."

"Aa, maluwa ayi, mayi. Ife sitipereka maluwa. Tengani chakudya. Ndipo mukalowa, dikirani woferedwa ayambe kulankhula."

Zoonadi safunsa anadya phula! Nditatsika ku Golders Green maluwawo ndinapatsa mtsikana wosesa pasiteshoni, amene anaseka ngati wafunsiridwa. Pabekale ya Ayuda ndinagula mabanzi awo oboola pakati aja, akadali otentha.

Ndinafika cha m'ma 11. Chitseko chinali chosatseka, magalasi onse odziyang'anira ataphimbidwa ndi nsalu. Alendo anali pamipando, koma a Ruth anali pakampando kakafupi zedi, bulauzi itang'ambidwa pachifuwa monga mwa mwambo wawo. Ine mwana wa ku Dedza ndingakhale pampando namfedwa ali pansi? Ndinamanga chitenje n'kukhala pansi pambali pawo, miyendo tambalale.

Mayi wina anawerama n'kundinong'oneza: "Pepani, pansi amakhala achibale okha."

Manyazi ake! Ndikuti ndidzuke, a Ruth anandigwira mkono.

"Enelesi, amayi anandifunsa?"

"Anakutchulani, mayi. Anati, 'Umuuze Ruth asathamange pamsewu. Ndikudziwa kuti akubwera.'"

Anaseka kaye. "Amayi amenewo! Mpaka mapeto kundiphunzitsa kuyendetsa galimoto." Kenako analira, inenso ndinalira, kulira kwa kwathu kosabisa mawu, ndipo palibe anandiletsa.

Atapukuta misozi, a Ruth anauza mayi uja kuti, "Asiyeni. Malo awo ndi omwewa."

Ndinabwerera 4 koloko, msana ukuwawa, mabanzi awiri atandikulungira m'pepala. Anati ndibwerenso Lachiwiri, pakuti iwo amakhala pansi choncho masiku asanu ndi awiri. Maluwa ndinalakwitsa, pokhala ndinalakwitsanso, koma m'basi ya ku Thamesmead mtima unali utapepuka koyamba pa zaka zinayi. Pansi paja ndinakhalira amayi awiri.