Dziko la kuseri kwa mwezi

Chaka chotsatira azungu ataponda pamwezi, ine ndinali nditatsanzikana kale ndi sukulu. Ntchito yanga inali kuinga mbalame m'munda wa mpunga wa amalume ku Kaporo, nditakhala pansanja, kumakoka chingwe cha zitini tsiku lonse.

Pamzere wa mundawo pankadutsa mtsikana wina, mwana wa alangizi a zaulimi ochokera ku Dedza, popititsira bambo ake chakudya. Anali wa kusekondale, pa tchuthi. Chichewa changa chinali chopindika, chonunkha Chinkhonde, ndipo ndikamupatsa moni ankaseka n'kupitirira. Ndinkafuna chinthu chimodzi basi: aime.

Tsiku lina ndinangofuula, “Iwe, ukudziwa kuti kuseri kwa mwezi kuli dziko lina?”

Anaima. “Wamva kuti?”

“Pa wailesi,” ndinanama.

Ndinayamba kuumba pomwepo. Ndinati dzikolo dothi lake ndi lofiira, madzuwa ake ndi awiri, ndipo anthu ake anatha onse kalekale. Koma zinthu zawo zilipo: mitondo yaitali ngati migwalangwa, misi itatsamira pakhoma, ngalawa zamwala zitagona pamchenga, zitseko zili pululu. Ukalowa m'nyumba upeza mphasa yoyala, mwini wake palibe.

“Nanga makhadi a chipani anasiyanso?” anafunsa mtsikanayo.

“Khala chete iwe, utimangitsa!”

Tinaseka mpaka nsanja inagwedera. Kuyambira pamenepo ankaima masiku onse pobwerera, bakuli lili pamutu, ine n'kumawonjezera. Misewu yawo ndinaipaka mkuwa. Manda awo ndinawapachika m'mitengo. Usiku sindinkaganiza china, koma choti ndikamuuze mawa.

Vuto lake, mtsikanayo ankafunsa ngati mphunzitsi.

“Wati kulibe madzi. Nanga ngalawazo ankapalasa pati?”

“Madziwo anauma.”

“Ndi madzuwa awiri, mpunga wosinja m'mitondoyo unkamera bwanji? Wailesi yako ija ndi ya mabatire akutha.”

Mutu unanditentha. Ine mtima wanga ndi wapachala chibadwire, ngakhale mayi anatopa nane. Ndinadumpha pansanja, thope thaa mpaka padilesi lake.

“Dzikoli ndi langa! Ngati ndiwe wophunzira, kapange lako!”

Anayang'ana dilesi, anandiyang'ana ine, n'kumapita.

Masiku otsatirawo ankadzera njira ya kumtsinje. Ndinkamuona patali, kadontho chabe pakati pa mpunga. Ndinatukwana mbalame, ndinatukwana zitini, ndinadula chingwe ndi ukali n'kuchilumikizanso ndekha. Tchuthi chinali kutha, ndipo ndinadziwa kuti akakwera basi yobwerera kusukulu, zathera pomwepo.

Loweruka masana ndinamva nsanja ikulira. Anali iye, akukwera, nthochi zowotcha zili m'manja.

“Sendera uko, waukali iwe. Ndapeza kumene kunapita madzi ako.”

“Kuti?”

“Pansi pa nthaka. Anthuwo anakumba makwerero kuwatsatira. Kumeneko kuli mzinda wina woposa wapamwambawo, nyale zake zikuyakabe, ndipo pakhomo lililonse anajambulapo nkhope ya mwini nyumba.”

Zimenezo sizinali m'dziko langa. Ndinatsegula pakamwa kuti nditsutse, magazi atayamba kale kuwira. Iye anangondiyang'ana, nsidze m'mwamba, akusenda nthochi pang'onopang'ono.

Ndinatseka pakamwa.

“Ndagha,” ndinathokoza m'chinenero chakwathu, ndikulandira nthochiyo. “Tsono makwererowo, titsikira mbali iti?”